Mkango ndi Timipaipi Take

Mu 1970 kampani ya Chevrolet idatulutsa Chevelle SS ya injini ya 454, ija amati LS6, ndipo papepala adalemba mphamvu za akavalo 450. Chaka chomwecho boma la America lidakhwimitsa lamulo la Clean Air Act, poti utsi wa magalimoto unkaliritsa anthu misozi ku Los Angeles popanda maliro. Mkango ndi chingwe chake zidabadwa pamodzi, ndipo chingwecho chinali timipaipi ta mphira tonenepa ngati pensulo.

Nkhani yake ndi iyi. Injini ikamalira imayamwa mpweya, ndipo mphamvu yoyamwayo amaitcha vacuum. Kapaipi kamatenga mphamvuyo kukaipereka ku kachitini ka m'mbali mwa distributor, kachitiniko n'kukoka kuti pulagi ithetheke msanga. Zikatero galimoto imapepuka komanso imamwa petulo mwaulemu. Vuto n'lakuti moto wa mu silinda umatentha kwambiri n'kubala mpweya woipa wa NOx. Akatswiri adati basi, motowo uzichedwa. Akamuna adalira.

*

Mkulu wina wa ku Ohio adabweza Oldsmobile yake yatsopano kugalaja pasanathe sabata.

"Galimoto iyi ili ndi ziwanda. M'mawa ikazizira imathamanga bwinobwino. Ikangofunda, ulesi. M'magiya a m'munsi imakoka miyendo, koma ikalowa giya yapamwamba imadzuka."

"Si ziwanda, bambo," adatero makaniko. "Ndi TCS, Transmission Controlled Spark. A General Motors ayamba kuika chaka chino cha 1970. Pali kasolenoid kotseka vacuum, ndipo kasanatsegule kamayamba kafunsa giyabokosi."

"Nanga ine ndimayenda m'tauni mokhamokha, giya yapamwambayo ndiipeza kuti?"

"Samukani, bambo."

Akazi awo, omwe adali chete nthawi yonseyi, adangoti: "Yachangu m'mawa, ikafunda ulesi. Yapeza mwini wake."

*

A Chrysler nawo mu 1973 adabwera ndi OSAC, kavalavu ka kabowo kakang'ono ngati ka singano. Vacuum inkadutsa ndithu, koma inkatenga masekondi pafupifupi 17 kuti ifike yonse ku distributor. Mnyamata wina wa Dodge Charger adaphunzira kuwerenga mokweza akanyamuka pa maloboti. Mnzake adamufunsa chomwe amawerengera.

"Galimotoyi ili ngati apongozi. Ukapempha kanthu sakana, koma amayamba akhosomola, kenako afunsa za kumudzi."

*

Nkhani iyi ndiye ndimaikonda. Kukachedwetsa moto, injini imafooka ikaima, choncho kabuleta ankaitsegulako pang'ono kuti isamazime. Injini yake yotentha kale, mpweya ndi petulo zikulowabe: ukazimitsa kiyi, iyo inkatha kupitiriza kudziyatsa yokha ngati ya dizilo. Mankhwala ake anali kasolenoid kena pa kabuleta, komwe kankabwerera m'mbuyo kiyi ikazima kuti khomo la mpweya litsekeke.

Bambo wina wa ku Detroit adakaona kachinthuka, nthambo yake ili lendee, n'kunena kuti nazonso ndi zaboma. Adakamasula, n'kumangitsa sikuluu ya kabuleta kuti injini isamazime. Loweruka adachedwa kumowa. Cha m'ma 2 koloko usiku adafika pakhomo mwakachetechete, magetsi atazimitsa, nsapato atavula kale kuti asasokose pamasitepe. Adapotokola kiyi, n'kuizula, n'kuiika m'thumba.

Gugudu. Gugudu-gudu. Khofo!

Galimoto yonse ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Mkuluyo adaigwira pa boneti n'kumainong'oneza kuti, "Chonde mayi, chonde." Iyo ayi, gugudu. Agalu a m'mudzi adayankha. Pomaliza injini idabwerera m'mbuyo kamodzi, kabuleta n'kuyetsemula, phaa!

Zenera la m'mwamba lidatseguka.

"Mwafika?"

"Ine ndafika kalekale, mayi. Galimotoyi ndi imene ikungofika kumene."

*

Eni magalimoto ena adatulukira nzeru yobera. Kuzula kapaipi kumaonekera, ndiye ankalowetsa kampira kachitsulo mkati mwake n'kukabwezera pamalo pake. Kunja zonse zili bwino, mkati njira yatsekeka. Ena ankatsekera ndi kamtengo kaja amaikapo mpira wa gofu. Mwana wina adamva nzeruyi kusukulu nafuna kusangalatsa bambo ake, eni Pontiac GTO ya 1969 ya magetsi obisika. Sankadziwa kuti zitseko za magetsiwo nazonso zimayendera vacuum. Kampira adakaponya m'paipi yolakwika.

Madzulo bamboyo adayatsa magetsi akutuluka pageti. Diso limodzi lidatseguka, lina lili tsinzinu. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anali akuthirira maluwa pomwepo.

M'mawa mwake mwamuna wa mayi uja adagogoda. "Sindikufuna ndewu, achimwene. Ndingofuna kudziwa kuti wotsinzinira ndi inu kapena galimoto."

*

Pa injini za Ford panali kavalavu ka milomo itatu pafupi ndi thermostat. Madzi akatentha mopitirira, kankasiya zochedwetsa moto n'kupereka vacuum yonse ku distributor, injini n'kufulumirako, fani n'kupepeza mwamphamvu. Ndiye kuti pa timipaipi tonse, kameneka kanali kumbali ya mwini galimoto. Mwini Ford Torino wina adakazula limodzi ndi zinzake zonse, n'kuwiritsa rediyeta pamzere wa magalimoto m'chilimwe. Wapolisi adamupeza atakhala pa bampala, nthunzi ili tolotolo.

"Chavuta n'chiyani?"

"Ndachotsa adani onse, bwana, koma zikuoneka kuti mmodzi anali mbale wanga."

Apa tisaseke mokweza. Kwathu kuno thermostat yeniyeniyo ndi imene amakaniko a pansi pa mtengo amayamba kutaya, ati ndi ya kumaiko ozizira.

*

Mu 1971 General Motors idatsitsa kompuleshoni kuti injini zizimwa petulo wopanda mtovu, injini ya Hemi 426 idatha chaka chomwecho, ndipo mu 1972 kawerengedwe ka akavalo kadasintha, manambala n'kugwa ngati mango. Aliyense adaloza chala timipaipi. Ndimati timipaipito tidalakwiridwa, poti akavalo ambiri adathera pa kompuleshoni ndi papepala.

Gogo wina adali ndi Camaro ya 1969 yomwe idabwera ndi pampu yopopera mpweya mu ekizosi, ija ankaitcha smog pump. Sabata yoyamba adaichotsa n'kuiponya kudzala, anzake akuwomba m'manja. Patapita zaka 50 adafuna kupita nayo kuchionetsero cha magalimoto akale, komwe oweruza amasuzumira mu boneti ndi tochi n'kumadula mamalikisi pa kapaipi kalikonse kosowa. Adasaka miyezi, mpaka adapeza pampu yadzimbiri pa intaneti. Mtengo wake adaubisa kwa agogo aakazi.

Mdzukulu wake adamufunsa: "Agogo, si ija munkati ndi zinyalala zaboma?"

"Zinali zinyalala ndili nazo. Pano ndi mbiri."

"Ndiye galimoto isiya kutulutsa utsi?"

"Khala chete, oweruza akubwera."

Pampuyo ili pamalo pake, yapentedwa, lamba akuizunguza bwinobwino. Zam'kati zonse gogoyo adachotsa asanaimange.