Mlandu wa Munthu Wochuna Banjo

Kuyambira pa Tsangano mpaka ku Furancungo kuli munthu mmodzi amene amazengedwa mlandu Loweruka lililonse popanda nkhoswe: woimba banjo amene wangomanga nsambo zatsopano. Akakhala pakhonde la baraka n'kuyamba kupotokola zikhomo, anthu amamulezera mtima mphindi ziwiri. Ikakwana yachitatu, wogulitsa mbatatesi amene sanakhudzepo banjo chibadwire amatsokomola n'kuti, "Achimwene, yachiwiriyo ikulira ngati mbuzi yomangidwa panjinga." Wina amati aikunge, wina amati aimasule, ndipo atsibweni ake a mwini baraka, amene khutu lina linagontha kalekale, amagamula kuti zonse zinayi n'zolakwika. Mlandu wa woimbayo ndi wakuti amachuna ola lathunthu n'kuimba nyimbo theka. Ine ndikuti munthuyu alibe mlandu, ndipo mboni zake ndi nsambo zomwezo.

Nsambo yatsopano ili ngati mkamwini wongolowa kumene pamudzi: imavomera chilichonse pamaso, koma ukangotembenuka yabwerera ku khalidwe la kwawo. Ikakhala ya nayiloni wa mbedza imatanuka pang'onopang'ono kwa masiku angapo, ndipo ikamatanuka mawu amatsika. Ikakhala waya wosololedwa ku buleki ya njinga sitanuka kwambiri, koma imabwera ndi mapindi ake amene ayenera kuwongoka kaye. Mfundo ya kumunsi nayo imafuna kukhazikika, pomwe mizere yokulungidwa pachikhomo imakhala ikukankhana kufuna malo. Choncho woimba akachuna, n'kuimba mzere umodzi, n'kuchunanso, sikuti waiwala nyimbo. Akuchita chilangizo, ndipo chilangizo sichitha tsiku limodzi ngakhale anankungwi atakhala asanu.

Chimene aphungu apakhonde sachidziwa n'chakuti nsambozi zimakoka mtengo umodzi. Ukakunga yoyamba, khosi la banjo limawerama pang'ono ndipo chikopa chimatsika, ndiye zinzake zitatu zimakhwepa. Ukapita kukapepesa yachinayi, yoyamba ija yanyanyala. Aliyense amene anagawapo ndalama za fodya pabanja lamitala ku Macanga akudziwa zimene ndikunena. Kuwonjezera apo pali nyengo. Tsangano ndi kumapiri, dziko la tirigu ndi chifunga, kumene mu June ndi July munthu amaotha moto masana. Chikopa cha mbuzi chikamwa chinyontho chimalefuka, ndipo banjo imene inachunidwa bwino padzuwa imayamba kuyankhula za m'mphuno madzulo. Woimba akaiyandikiza kumoto chikopa chimakungika, mawu n'kukwera kupitirira pamene anawafuna. Zikhomo zamtengo nazo zikauma zimaterera, n'chifukwa chake amazilavulira malovu. Amayi ena amayang'ana kumbali poona zimenezi, koma ndi ukatswiri.

Ena, makamaka amene anafikako ku Tete kapena ku Lilongwe, amati vuto ndi umphawi: munthu agule chida cha m'sitolo, asiye zigubu ndi mawaya a njinga. Tiyeni titenge ukulele, kagitala ka nsambo zinayi kamene kanabadwira ku Hawaii Apwitikizi a ku Madeira atafika ku Honolulu pa sitima ya Ravenscrag mu 1879, abale awo a omwe aja anatisiyira chiyankhulo cha muofesi. Kali ndi polishi, kali ndi chikwama chake cha zipi, koma ukakamanga nsambo zatsopano za nayiloni kamasokonekera ndithu kwa sabata, mwinanso kupitirira, ndipo eni ake amachita kuzikoka ndi chala kuti zitanuke msanga. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amavutikira m'chipinda, chitseko chili chotseka. Komanso umphawi wa chida sunalepheretse Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band kumveka pa wailesi Malawi yense, ndipo Madalitso Band yayenda maiko a ku Ulaya ndi babatoni wansambo imodzi ndi gitala wa nsambo zinayi.

Achinyamata amati foni ithetsa mkangano, poti masiku ano ili ndi kachipangizo kouza munthu ngati nsambo yakwera kapena yatsika. N'zoona, koma foni imamva chilichonse: njinga yamoto ya kabaza, tambala, sipika ya mpingo wa kutsidya, ndi atsibweni aja. Ndiponso woimba wakumudzi sachuna kuti agwirizane ndi Lisbon. Amachuna kuti banjo igwirizane ndi kholingo lake, lomwe nalonso limasintha malinga ndi chimene lamwa. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi ndi iwiri yochuna banjo imodzi imangodula nsambo, ndipo ikaduka onse amagwirizana koyamba tsiku limenelo: "Ifetu tinanena."

Chitsutso chimodzi chokha n'cholemera. Akuti n'chifukwa chiyani nsambo zimasokonekera nthawi yomweyo pamene chikho cha woimba chauma, n'kuchira mwadzidzidzi wina akaitanitsa china, kaya walipira ndi metikali kaya ndi kwacha? Apa ndivomere kuti sayansi siyankha zonse. Koma tiwerengere bwino. Munthuyu amaimba popanda tikiti, amatukwanidwa kwaulere, ndipo nyimbo ikayamba amene amamunyoza aja ndiwo amathamangira kutsogolo kukavina. Ngati kuchuna ndiyo njira yokhayo imene ali nayo yotumizira bilu, ndiye kuti ndi bilu yaulemu kuposa zonse m'dera lonselo, yosatchula mtengo, yongolira ting'i, ting'i mpaka womva amve.

Amene ali ndi dandaulo lenileni sakhala pakhondepo n'komwe. Ndi mlamu wake wa woimbayo, mwini njinga, amene Lolemba m'mawa amanyamula matumba awiri a mbatatesi, n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Biriwiri, n'kufinya buleki, n'kuzindikira mochedwa kumene kunachokera nsambo yachitatu ija imene inalira bwino kuposa zonse.