Maliro a Kaseti Amene Sitinauzidwe

Ngakhale kuti m'tauni muno uthenga wa zovuta suchedwa, pakuti ingafe nkhuku ya mnansi timamva nsima ya masana isanapse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatitumira mthenga m'chaka cha 2010, pamene kampani ya Sony inaleka kugulitsa kwawo ku Japan kawailesi ka kaseti kotchedwa Walkman, kamene kanabadwa mu 1979 ndi kukhalitsa m'chiuno mwa anyamata athu monga chizindikiro cha ulemerero.

Akuluakulu a masiku amenewo ankadandaula kuti mwana wotseka makutu sadziwa moni. Koma indetu ndinena kwa inu, kaseti inali ndi mwambo. Mbali A ikatha, patapita mphindi 30, mnyamata ankaima, navula zam'makutu kuti atembenuze kasetiyo, ndipo pa kanthawi kameneko, afune asafune, ankaona azakhali ake ali chilili pamaso pake, nawomba m'manja, nati, "Zikomo Azakhali, mwaswera bwanji?" Mabatire nawo ankaphunzitsa kudzichepetsa. Akafooka, mawu a Lucius Banda ankatsika ndi kukokeka ngati a mlaliki wogwidwa ndi tulo, ndipo bwana yemwe uja amene anayenda monyang'wa m'misewu ya Limbe atagula kaseti yatsopano kwa O.G. Issa, tinkam'peza kuseri kwa nyumba akuyanika mabatire padzuwa, kapena akuzunguza kaseti pa cholembera cha Bic kuti mphamvu isapite pachabe. Tsiku limene wailesi yatafuna tepi, ankapita chogwada kwa mlongo wake kukapempha kyuteksi wolumikizira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Inadza CD, inadza iPod mu 2001, kenaka foni ndi memori khadi, imene anyamata a pamsika amaithira nyimbo mazanamazana munthu asanatsirize kukambirana mtengo. Tsopano nyimbo zilibe chiyambi kapena chimaliziro. Munthu alowa m'minibasi, akuponda phazi, akhala theka pampando theka pantchafu pako, ndipo kondakitala akam'funsa ndalama kachitatu, iye angogwedeza mutu kuvomera ng'oma imene aimva yekha. Ena anatayanso nthambo zomwe, kotero kuti ukakumana ndi wina akuseka yekha pamsewu, sudziwa ngati ali pafoni kapena afunika mapemphero.

Chifukwa chake, inu olemekezeka a ku Japan, ngati mawu ano akupezani muli bwino, tipangireniko foni yomazima yokha pa mphindi 30 zilizonse, kuti akuluakulu a kuno azilandirako moni wawo.