Kupulumutsa kachirombo ka malungo m'malo mwa wodwala

Mukamva kuphwanya m'thupi ku Lisungwi kapena ku Zalewa, kumunsi kotentha kwa Neno, musapite kukabayitsa chala kuti akuyezeni. Gulani makapisozi a doxycycline pamsika, mumeze, mugone.

Mukatero mwakapatsa nthawi kachirombo. Kachirombo ka malungoka, Plasmodium falciparum, kali ndi kachipinda kotchedwa apicoplast, kokutidwa ndi zikuto zinayi. Mapuloteni ambiri ogwira ntchito mmenemo amapangidwira kunja kwake, ndipo lililonse limanyamuka ndi chizindikiro cha mbali ziwiri kumutu kwake, ngati thumba la chimanga lolembedwa boma ndi mudzi. Mbali yoyamba imalilowetsa m'njira yotumizira katundu m'kati mwa selo, yachiwiri imaliolotsa zikuto zija. Doxycycline amalemaza kachipindaka, koma kachirombo sikafa pomwepo. Kamatsiriza maola ake 48 m'magazi mwanu, n'kuswana. Akufa ndi ana ake, obadwa ndi kachipinda kolumala. Pamasiku odikira amenewo malungo amatha kukwera kumutu, ndipo ndi pamene mabanja amayamba kufunafuna njinga yamoto usiku.

Achibale akakukokerani kuchipatala n'kukupatsani LA, mankhwala osakaniza artemether ndi lumefantrine amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, mpata wolakwitsa ukadalipo. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi pamasiku atatu. Inu lekezani pa kachitatu thupi likangozizira, otsalawo muwatsomeke kudenga kudikira tsiku limene mwana adzatenthe. Imwaninso pamimba yopanda kanthu, osalawa phala la nsinjiro kapena mkaka, pakuti lumefantrine salowa bwino m'magazi popanda chakudya chamafuta.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri, chifukwa wovulala si inu nokha. Artemether amayamba kuluma kachirombo kakameza zofiira za m'magazi n'kuzigayira m'kachipinda kena, mimba yake. Puloteni yotchedwa Kelch13 imathandiza pa kumezako. Ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka tizirombo timene puloteniyi inasintha: timadya pang'onopang'ono, mankhwala n'kutidutsa. Mankhwala olekezedwa panjira amapha tofooka, n'kusiya totere kuti udzudzu utinyamule kupita nato khomo lina.

Chloroquine tinamutaya chomwechi. Puloteni ya PfCRT, yokhala pachikuto cha mimba yomweyo, inasintha n'kuyamba kumutulutsa kunja, ndipo mu 1993 Malawi anamusiya n'kutenga Fansidar.