Ulemu Upite kwa a Chiguduli

Boma la Rumphi silisowa otamandidwa. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Bolero pa Gonapamuhanya kulemekeza ufumu wa Chikulamayembe. Ku Khondowe dzina la Robert Laws, amene anakweza mishoni ya Livingstonia paphiri paja mu 1894, silichoka pakamwa. Alendo amakwera Gorodi mtima uli m'mwamba kukaona mathithi a Manchewe, ena amapirira msewu wa ku Nyika kuti akajambule mbidzi. Ndi fodya yemwe anapatsidwa dzina la ufumu, akuti golide wobiriwira. Koma alipo mkulu wina amene wagwirira ntchito boma limeneli nthawi yaitali popanda womuimbira nthungululu, ndipo malipiro ake ndi kupondedwa pakhomo ndi mapazi a matope. Ndikunena a Chiguduli. Amene akuseka asekeretu, chifukwa tikafika pa nkhani ya ndalama aleka okha.

Kuti mumvetse ukulu wa bambo amenewa, yambani mwaona mmene dziko la Rumphi linakhalira. Kumtunda, ku mapiri a Phoka, ku Nchenachena ndi ku Mphompha, nkhungu imatha kugona tsiku lonse, chovala chochapa m'mawa n'kufika madzulo chikadali chonyowa. Kumunsi, m'chigwa cha Henga ndi ku Bolero mpaka ku Hewe, mvula ikangosiya mphepo imauma gwa. Mlimi wa fodya wa bale amakhala pakati pa adani awiriwa. Tsamba lake saliotcha ndi moto ayi, amalisoka n'kulipachika pa mikangala m'chigafa kuti mphepo iliumitse pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Likauma kwambiri, ukangoligwira masana limafumbutuka, ndalama n'kusanduka fumbi m'manja. Likamwa chinyezi chambiri limachita chuku, ndipo fungo lake wogula amalimva asanafike n'komwe pa belo. N'chifukwa chake kusankha fodya ndi kumanga ndindi ndi ntchito ya m'mbandakucha, tsamba likadali lofewa ndi mame. Pamene munthu wadinda fodya wake ndi jeke, makilogalamu pafupifupi 100 a thukuta la chaka chonse, amafuna womusungira amene sangaumitse kopitirira, komanso sangaoletse.

Apa ndiye pamene a Chiguduli amaonetsera uphunzitsi wawo. Iwo amamwa, koma amabweza. Mphepo ikalemera ndi chinyezi, ulusi wawo umayamwa, ndipo ukhoza kusunga madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, iwe n'kumaukhudza ukumveka wouma bwinobwino. Kunja kukauma, amatulutsa madzi aja pang'onopang'ono. Timipata ta pakati pa ulusi timalola mpweya kudutsa, kotero kuti thukuta la fodya silikhala m'kati. Safuna magetsi, safuna batire, safuna buku la malangizo. Pa dziko lino pamene aliyense wolandira chinthu amati chalowa chalowa, kupeza mkulu amene amabweza zimene watenga popanda kuitanidwa kubwalo si nkhani yamasewera.

Wina afunsa kuti, nanga matumba a feteleza ali mbwee m'mudzimu, osangokulungiramo fodyayo bwanji? Yesani, mudzatiuza. Ulusi wa pulasitiki sumwa kanthu, chinyezi chonse chimatsalira pa tsamba. Choipa kwambiri n'chakuti thumba lija limasosoka, tizingwe take n'kulowerera m'fodya, ndipo kachingwe kotero kakadutsa m'makina n'kukathera mu ndudu ya munthu ku Ulaya, mbiri ya dziko lonse imaipa. Ku okushoni ya ku Mzuzu belo lopezeka ndi pulasitiki limabwezedwa, mlimi n'kulipiranso galimoto. Tsono chiyambire 1990, pamene boma linalola alimi ang'onoang'ono kulima bale yemwe kale anali wa maesiteti okha, palibe wa ku Mhuju kapena ku Bolero amene fodya wake anaonekera pamaso pa ogula popanda kuperekezedwa ndi a Chiguduli. Nambala ya mlimi imalembedwa pamsana pawo. Mwini fodya atha kutsala kumudzi, koma iwo ayenera kupezekapo.

Mtundu wawonso si wamba. Amene mumawanyoza kuti ndi chisaka, dziwani kuti ndi abale ake a denje, therere lomwe lija timathira chidulo n'kudyera nsima. Kuno timathyola masamba ake likadali lalifupi. Ku Bangladesh ndi ku India, m'zigwa za madzi za ku Bengal, amalifesa mothinana kuti litalike kuposa munthu, n'kudula mapesi, kuwaviika m'madzi kwa masiku ambiri mpaka khungwa litavunda, kenaka n'kusenda luzi. Ndiye kuti mkulu amene amatiteteza ku chinyezi anabadwira m'madzi, ndipo mdani wakeyo anamudziwa ali khanda. Luzi limenelo linali louma, lokanika makina, kufikira anthu a ku Dundee, ku Scotland, atatulukira m'zaka za m'ma 1830 kuti likathiridwa madzi ndi mafuta a namgumi limafewa n'kupoteka. Mzinda wonse unalemera ndi masaka, ndipo pachimake pake mafakitale ake ankalemba anthu pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo amayi. Mu 1855 fakitale yoyamba ya ku India inatsegulidwa ku Rishra, pafupi ndi Calcutta, ntchito n'kuyamba kubwerera kwawo kwa luzilo. Taonani tsono: dziko lomwelo la Scotland linatulutsa a Laws, linatchukitsanso a Chiguduli. Woyambayo tinamusungira Stone House kuti alendo azionamo katundu wake. Wachiwiriyu timamuyala m'khola kuti nkhuku iikirepo mazira.

Ndisaiwale za m'Baibulo. Owerenga Mawu amadziwa kuti anthu a ku Nineve atalapa anavala ziguduli, kuyambira mfumu mpaka ziweto. Akatswiri amati zimenezo zinali za ubweya wa mbuzi, osati za luzi, koma kuyabwa kwake n'kumodzi, ndipo aliyense amene ananyamulapo belo pamsana wopanda malaya akudziwa chifukwa chake chovala chimenechi chimafulumizitsa kulapa.

Kudzichepetsa kwawo nkochititsa manyazi. Belo likagulidwa limapita ku mafakitale a ku Kanengo ku Lilongwe, kumene fodya amamuchotsa mitsitsi, kumuumitsanso ndi makina, n'kumulongedza m'makatoni aukhondo. Kumeneko fodya uja, poti tsopano wadziwana ndi azungu, amavula a Chiguduli n'kuwasiya pansi ngati mwana wopita ku yunivesite amene sakufunanso kuonedwa ndi malume ake amene anamulipirira fizi. Iye ulendo wa kudoko, iwo ulendo wobwerera kumudzi kukanyamula belo lina. Ndipo popeza wamkulu sayenda ulele, pa pepala la malonda a fodya alimi akhala akuonapo kamzere ka ndalama yodulidwa chifukwa cha ziguduli, pambali pa ya okushoni, ya mayendedwe, ya bungwe ndi msonkho. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwa onse amene amadya nawo fodya wa pachalayo, a Chiguduli okha ndi amene mlimi angathe kuloza ntchito yawo ndi chala.

Khofi ndiye amadziwa ulemu. Alimi a ku Phoka ndi ku Mphompha, amene amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, amayanika khofi wawo pa mathandala mpaka chinyezi chitatsikira pa 11 kapena 12 pa 100 alionse. Akapitirira pamenepo kuuma amataya kulemera ndi kukoma, akapereweza amachita chuku. Khofi wopuntha amayenda pa dziko lapansi m'masaka a luzi a makilogalamu 60, moti ngakhale ziwerengero za malonda a khofi pa dziko lonse amaziwerenga m'masaka amenewo. Masiku ano ena amalowetsa thumba la pulasitiki m'kati, poopa chinyezi cha panyanja, koma wolandira mikwingwirima kunja, wodindidwa dzina la Malawi pachifuwa, ndi mkulu yemweyu. Amakwera sitima popanda pasipoti, pamene mlimi amene anabzala khofiyo mwina sanafikeko ndi ku Lilongwe komwe.

Opikisana nawo alipo, ndipo sindikuwaopa kuwatchula. Pali kapaketi kaja timakapeza m'bokosi la nsapato zatsopano kapena m'botolo la mankhwala, kokhala ndi timikanda ta silica gel. Njira yopangira timikandato inalembetsedwa ndi Walter Patrick wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America chakumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo timamwa chinyezi chofika pa 40 pa 100 alionse a kulemera kwake. Nzeru zilipo, sitikana. Koma kakakhuta kakhuta, ndipo kuti kagwirenso ntchito mpaka ukaotche mu uvuni. Komanso ndi ulemu wanji umenewo, wofika pakhomo pa eni utalembedwa pamphumi chenjezo loti usadyedwe? A Chiguduli sanafunepo chikwangwani chotero. Aliyense amangoona yekha.

Pali thewera la masiku ano logwiritsa ntchito kamodzi, limene lili ndi ufa womwa madzi ochuluka kwambiri kuposa kulemera kwake n'kusanduka phala. Ameneyu ndiye chidakwa chenicheni: amamwa osabweza, ndipo akatha ntchito amakagona m'ngalande ndi m'mbali mwa mitsinje zaka ndi zaka osaola, agalu n'kumamukoka. Amayi amene anapumula kuchapa matewera a nsalu usiku andikhululukire, ine ndikungoyerekeza khalidwe. A Chiguduli akafa amasanduka dothi, ndipo pamanda pawo pamamera dzungu.

Wondivuta ndi thumba la PICS, lochokera ku yunivesite ya Purdue, la mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba lolukidwa kunja. Ukalimanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Apa ndiyenera kuvomereza kuti pa nkhani ya chimanga mkulu wathu wagonja, pakuti iye sabweza mlendo. Nankafumbwe akagogoda amalowa, khoswe akabwera amapatsidwa chakudya ndi zofunda zomwe. Ena amati kumeneko n'kupusa. Ine ndimati ndi mtima wa chimalawi. Komabe mnyamata wa ku Purdueyu ali ndi malamulo: chimanga chiyambe chauma kufika cha m'ma 13 pa 100, apo ayi chikaolera m'kati iwe osadziwa. N'chifukwa chake alangizi amaphunzitsa kuthira chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula, mchere ukamatirira m'mbali ndiye kuti chimanga chibwerere padzuwa. A Chiguduli safunsa mayeso. Amalandira chimene wawapatsa n'kuyesetsa nacho.

Kufatsa kumeneku ndi kumene kumawaika m'milandu. Alipo alimi, sitiwatchula, amene amawaza madzi fodya podinda kuti sikelo ikondwere, ena amabisa makata pakati n'kuika tsamba labwino pamwamba. A Chiguduli amaona zonsezi, amasokedwa pakamwa ndi chingwe, n'kupita ku Mzuzu ali chete. Belo likatsegulidwa chinyengo n'kuonekera, iwo sanena kuti ndinakuuzani. Amangobwerera nalo pa lole, dzuwa ndi mvula zili pamsana, kudutsa pa Njakwa kachiwiri.

Akakalamba sapita pa penshoni. Pitani pa msika wa pa boma kapena pa Phwezi mwezi wa Okutobala, mukaona mayi ataphimba masamba ake ndi chisaka chonyowa. Madzi akamauluka kuchoka pa ulusi amatenga kutentha, mpiru ndi repu n'kukhala wosafota mpaka madzulo. Nzeru yomweyi ankaigwiritsa ntchito okumba golide a ku Coolgardie ku Australia m'zaka za m'ma 1890: kabati ya waya yokutidwa ndi chiguduli chonyowa, yoikidwa podutsa mphepo, ndiyo inali firiji yawo. Mkulu amene mwezi wa Epulo amateteza fodya ku madzi, mwezi wa Okutobala amasunga madzi kuti ndiwo zisafe, ndipo sasokoneza ntchito ziwirizi. Moto ukabuka pa chigafa, woyamba kuviikidwa mu ndowa n'kuponyedwa m'malawi ndi iye. Pambuyo pa zonsezo ndi pamene amapatsidwa udindo wa pakhomo uja, kuti mapazi a alendo asadetse simenti.

Tsono ndikupempha akuluakulu a khonsolo ya Rumphi, mwaulemu wonse, kuti pamphambano ina yoonekera bwino amange chipilala cha a Chiguduli. Chisakhale chachitali, belo limodzi la konkire, lokhala ndi nambala ya mlimi pambali, n'lokwana. Ndalama zake zisadulidwe kwa alimi, adulidwa mokwanira. Amisiri akumbukire kuti dzuwa la pa boma ndi loopsa, ndipo konkire ikauma mofulumira imang'aluka. Iyenera kukhala yonyowa masiku 7 kapena kupitirira, choncho mu bajeti muikemo ziguduli zakale zingapo zoti aziviike n'kuphimbira chipilalacho.