Langa Si Funso Kwenikweni

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, m'kaholo kena ka tchalitchi kuno ku Zomba, mumasonkhana anthu amene boma linawapumitsa ntchito koma pakamwa sanapume. Amati maphunziro sakalamba, choncho mwezi ndi mwezi amaitana mlendo woti adzawaphunzitse kanthu. Ena mwa iwo ndi aja anatsala pamene likulu linkasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo nkhani imeneyo sanaikhululukirebe. Maudindo anapita nawo ku penshoni. A Hedi akadali a Hedi ngakhale choko anasiya kalekale, a DC akadali a DC, ndipo mukawaitana dzina lawo lobatizidwa nalo satembenuka.

Kalata imati zonse ziyamba 2 koloko. Amene amakhulupirira kalatayo ndi mlendo yekha.

Mwezi uno kunabwera mnyamata wa ku yunivesite, tayi pakhosi, laputopu m'khwapa, kudzakamba za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa. Anapeza mayi wosesa akuyala mabenchi, nawathandiza. Cha m'ma 3 koloko apampando analowa, nati mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa, kenaka anapempha akulu ampingo atsegule ndi pemphero lalifupi. Pempherolo linayambira m'munda wa Edeni, linadzera pa mtengo wa feteleza, linaima pang'ono pa penshoni yochedwa, ndipo "Ameni" atamveka ena anali atayamba kale kuwodzera. Alembi anawerenga maminitsi. Apa panabuka mkangano woti mwezi watha a DC "anapempha" kapena "analamula" kuti mawindo atsekulidwe. Anavota. Kulamula kunapambana.

Mnyamata uja nkhani ankaidziwa, tisamunamizire. Anafotokoza kuti Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amathiramo, koma wotunga ndi dzuwa basi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imabwerera m'mbuyo, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, pamene mabwato anagona pamatope ku Kachulu. Anawonjeza kuti mitengo ikatha kumtunda, dothi lokokoloka limakakwirira nyanjayo. Ali pa chithunzi chachitatu magetsi anazima. Palibe anadandaula, poti ambiri ankamvetsera atatseka maso.

Foni inalira nyimbo ya kwaya. Mwiniwake anaifufuza m'matumba onse a jekete, naiyankha mokweza: "Ndili mumitingi, sindingalankhule!" Atatero analankhula, mpaka tonse tinadziwa kuti nkhumba ija asaigulitse asanabwere.

Koma chimene anthu amasitira malaya ndi nthawi ya mafunso. A Hedi anadzuka, nakonza jekete.

"Zikomo apampando. Langa si funso kwenikweni."

Mawu amenewa akamveka, amene muli ndi nyemba pamoto tumizani uthenga kunyumba. A Hedi anati mu 1968 iwo analipo, mnyamatayu bambo ake asanabadwe. Kuchoka apo tinamva za ulendo wapansi wopita kusukulu opanda nsapato, za fizi ya mashereni, ndi za ana a masiku ano amene digiri ali nayo koma kalata yofunsira ntchito imawakanika. Nyanja sinatchulidwenso. A DC nawo anaimirira kuti "angotsirapo ndemanga," nati nthawi yawo nyanja sinkaphwa chisawawa chifukwa kunali mwambo.

Funso lenileni linachokera kukhomo. Mayi wosesa uja, amene kwawo ndi ku Kachulu komweko, anatsamira tsache nati: "Achimwene, nanga nyanja ikauma gwa, matemba aja amakabisala kuti, poti madzi akabwera timawaonanso?"

Nkhope ya mnyamata inawala. Anayamba kunena kuti nsomba zina zimapulumukira m'madziwe otsala m'mitsinje, ndiye chifukwa chake nthawi ya chilala si bwino kuthira katupe m'menemo. Apampando anagogoda tebulo.

"Pepani mayi, mafunso ndi a mamembala olipira."

Pamenepo n'kuti holo itadzaza, chifukwa pali mamembala ena okonda maphunziro kwambiri amene amafika nthawi ya mandasi yeniyeni. Asungichuma anaima pambali pa beseni akuwerenga ndi maso, komabe mandasi ena analowa m'zikwama kuti akaone adzukulu. Sobo anali wosungunula mpaka mtundu wokha ndiwo unkachitira umboni. Bambo wina watsopano anazungulirazungulira akufunsa chonong'ona kuti pepala losainira alawansi lili kuti. Atauzidwa kuti kuno wolipira ndi iwe, anati akukayankha foni panja.

Mawu othokoza anatalika kuposa phunziro lija. Mnyamata anapatsidwa envulopu, ndipo ataisuzumira panjira yopita kokwerera minibasi anapezamo kalata yomuyamikira, yodindidwa bwino. Madzulo ake alembi analemba m'buku la maminitsi kuti msonkhano unayenda bwino kwambiri, ndipo mlendo anaphunzira zambiri.