Bajeti ya thonje langa

Ine ndine mmodzi mwa amuna a ku Msoro odziwa kuyendetsa dziko. Tilipo ambiri ndithu, ndipo timakumana masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale, pamene pali wailesi ya mabatire otha mphamvu. Boma likanamatifunsa ife, bwenzi njovu zikulipira msonkho pa chimanga chilichonse chimene zimadya m'mbali mwa mtsinje wa Lupande.

Nkhani imene yatenthetsa bwalo lathu ndi ya ndalama za sukulu. Mu 2015, pa makwacha 100 alionse a bajeti ya Zambia, maphunziro ankalandira makwacha 20. Chaka ndi chaka gawolo linkanyotsoka, mpaka m'bajeti ya 2022 linali litatsikira pa 10 ndi timangwee. Si chiswe chinadya ndalamazo ayi. Zinkapita kwa angongole akunja, ndipo ngakhale tinamanga malamba chotero, mu Novembala 2020 dziko linalepherabe kubweza. Gawolo lakwerako tsopano, linafika cha m'ma 15 mu 2024, koma pa 20 paja sitinabwererepo. Nanga tiana ta nasale? Boma linayamba kutsegula makalasi awo m'masukulu a pulaimale cha m'ma 2014, koma kwa zaka zambiri gawo lawo silinkakwana ngakhale kwacha imodzi pa 100 ya ndalama za maphunziro zomwezo.

Nzeru zonsezi ndinapita nazo kunyumba zikali zotentha. Ndinaimirira pakhonde, dzanja m'chiuno, n'kuyamba kudzudzula anthu opanda chisoni amene amalipira ngongole poyamba, mwana n'kumusiya pamzere. Amayi a kunyumba anali kupeta mapira. Sanakweze n'komwe mutu.

"Abambo, tatikumbutsani bajeti ya thonje ija."

Tsono bajeti imeneyo, a owerenga, inakonzedwa mwaluso. Thonje nditapimitsa, a kampani anayamba adula ngongole yawo ya mbewu ndi mankhwala, ndalama zisanaone n'komwe thumba langa. Amenewo ndiwo angongole akunja. Kenako mwini golosale anatulutsa kabuku kake, kamene sikanyowa ngakhale mvula igwe sabata yathunthu. Anatsatira mayi wina wake wa kuseri kwa mudzi, amene malonda ake sindiwatchula poti ndimapemphera. Ndinagula tayala la njinga, pakuti dziko lopanda mayendedwe silitukuka, ndi tokutaimu, pakuti nduna iyenera kumveka. Unduna wa maphunziro unapatsidwa pensulo imodzi, imene ndinaidula pakati ndi mpeni kuti ana awiri apindule. Kamtsikana kanga ka nasale ndinakauza kuti kakali kamwana, kazilemba pansi ndi chala, popeza dothi la kuno ku Malambo ndi laulere.

"Boma lija linapatsako tiana timangwee," anatero amayiwo akuuzira mankhusu. "Inu munapereka uphungu."

Ndinayankha kuti nkhani za chuma n'zovuta kwa munthu amene samvera wailesi.

Pamene boma la a Hakainde Hichilema linachotsa fizi mu Januwale 2022, kuyambira nasale mpaka giredi 12, ine ndinavina mpaka mpando wa ndalema unathyoka. Aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa ntchito chaka chomwecho. Ndalama za chitukuko za CDF zinachoka pa makwacha 1.6 miliyoni kufika pa 25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, kuti mwa zina zigule madesiki. Ndalama za fizi zimene ndinapulumutsa, ngakhale ndinali ndisanazipeze, ndinazigawa usiku womwewo.

Ndiye ana anatuluka. Sindinkadziwa kuti midzi yathu inabisa ana ochuluka chotero. Anabwera oweta mbuzi, anabwera amene anasiya kalekale, ena ndevu zitayamba kuphuka. M'kalasi wochedwa ankaphunzirira pazenera. A nasale anawasamutsira pansi pa mtengo, ndipo mitambo ikangoda chakum'mawa sukulu yawo inkaweruka yokha, belu lisanalire.

Ahedi anaitanitsa msonkhano wa makolo. Ananena momveka kuti palibe amene apereke ngwee, boma linaletsa. Tinaomba m'manja. Anapitiriza kuti chofunika ndi njerwa basi, ndi mchenga wa ku Lupande, ndi madzi, ndi nkhuni zootchera uvuni. Fizi inatuluka m'thumba n'kudzakhala pamsana. Apa ine, monga katswiri wa pansi pa mango, ndinaimirira n'kulankhula kwa nthawi yaitali za 2015, za angongole, za timangwee ta nasale. Anthu anachita chidwi kwambiri. Anati munthu wodziwa masamu chonchi sangangokhala, ndipo anandisankha kukhala wapampando wa komiti youmba njerwa. Amene anakhala chete anapatsidwa ntchito yolawa thobwa.

Mtsikana wodzipereka amene ankathandiza kuphunzitsa tiana tija tinagwirizana kuti tizimupatsa chimanga, banja lililonse kabeseni. Chinabwera chilala cha 2024, chija Pulezidenti anachitcha tsoka la dziko mu Febuluwale, nkhokwe zinangotsala ndi makoswe odandaula. Ine ndinamulipira ndi mawu olimbikitsa miyezi ingapo. Pano akuyala mabedi a azungu ku Mfuwe, ndipo akuti kumeneko salipira ndi uphungu.

Njira yotulukira ndinaimva pa wailesi. Mu Juni 2023 ku Paris, maiko amene tinawakongola madola 6.3 biliyoni anavomera kuti tizibweza pang'onopang'ono mpaka 2043. Ndinavala jekete n'kupita kwa mwini golosale kukapempha zomwezo, chaka chomwecho. Anamvetsera mwaulemu, anatseka kabuku kake, n'kundiuza kuti njinga itsale pomwepo mpaka 2043. Tayala latsopano lija linapita nayo.

Ndinayenda wapansi kupita kwa alamu anga. Kuno kwa Akunda mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, choncho ndinawafotokozera kuti mwa mwambo unduna wa maphunziro ndi wawo. Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi, n'kundiuza kuti fomu yanga ailandira koma ndalama sizinatuluke ku likulu. Likulu lake linali kukhitchini, likuphika therere, ndipo linanditumiza moni kwa amayi a kunyumba.

Kamtsikana kaja tsopano kamawerenga mpaka 20, kanaphunzira ndi zitsekerero za mabotolo. Kumene kanazitola sindinena, koma kanaziwerengera pamaso pa amayi ake, chimodzichimodzi, kakundiyang'ana. Madzulo omwewo nduna zinasinthidwa. Thumba la thonje la chaka chino lili m'manja mwa amayi, makope agulidwa kale asanu ndi limodzi, ndipo ine andipatsa unduna woingitsa anyani kumunda, ntchito imene imayamba tambala woyamba akalira. Njerwa ndiumba ndikachoka kumeneko.