Maso anga ali bwino, Mayi

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Kamwendo. Ine kuno ku Joni ndiliko, kungoti chisanu chandisandutsa nkhuku yonyowa.

Zoti ndayamba kudwala maso musazimvere, amenewo ndi makani a alamu. Chinachitika ndi ichi. Ndapeza ganyu kwa bwana wina wosindikiza zithunzi. Amagoba mizere pa chilabala, kupakapo inki, kenaka n'kuchipanikiza papepala ndi makina, ngati chidindo cha a mfumu koma chachikulu ngati chitseko. Ine yanga ndi kutsuka ziwiya ndi kuyanika mapepala. Tsiku loyamba anandipatsa chithunzi cha mizere yakuda ndi yoyera basi, mulibe munthu, mulibe ngakhale mbuzi. Nditachipenyetsetsa chinayamba kugwedera ngati madzi a mu Bua. Ndinatsinzina, kutsegula, chikuyendabe! Ndinakhala pansi phee n'kumawerenga anthu amene angandilodze, ndipo dzina linabwera koyambalo musandifunse.

Bwanayo anaseka mpaka misozi. Akuti mizere ikathithikana choncho diso limasowa pokhazikika, ndiye mutu umangoganiza kuti zinthu zikuyenda. Akuti luso limeneli linatchuka m'ma 1960 ndi anthu ngati Victor Vasarely ndi mayi wina wa ku London, Bridget Riley. Tangoganizani, anthu kutulutsa ndalama zambirimbiri kuti agule chizungulire, chomwe amalume amachipeza ndi kabotolo kamodzi ka kachasu.

Chinanso chili pafupi ndi Park Station, paja timatsikira basi. Kumunsi kwa mlatho wa Queen Elizabeth kuli zizitsulo zakuda ndi zoyera zoimikidwa balalabalala, zitalizitali kuposa nyumba. Zaka zonsezi ndimayesa ndi ngozi imene analephera kuichotsa. Loweruka mnzanga wa ku Kapiri anandikoka dzanja, kundiimika pamalo ena ake, n'kuti ndikweze maso. Mayi inu! Zitsulo zija zinalumikizana n'kutuluka mzimayi wathunthu atasenza mbaula yamoto pamutu, ngati aja ootcha chimanga m'misewu. Kungosuntha mapazi atatu, mzimayi uja wamwazika. Amachitcha Fire Walker, anachipanga William Kentridge ndi Gerhard Marx mu 2009.

Apa ndiulule. Chithunzi changa cha pa Facebook chija, nditatsamira galimoto yofiira, chimagwiranso ntchito chimodzimodzi. Mukaima ku Mchinji galimotoyo ndi yanga. Mukasendera pafupi mupeza chidebe ndi nsanza kumapazi kwanga. Atsibweni asiye kuuza anthu kuti ndibwera nayo pa Khirisimasi.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Kuno kuli agogo ena a Chindebele, Esther Mahlangu, obadwa mu 1935. Anaphunzira kwa amayi awo ndi agogo awo kukongoletsa zipupa za nyumba ndi mizere, makona atatu ndi makona anayi, opanda rula, burashi yake nthenga za nkhuku. Mu 1991 a BMW anawapatsa galimoto kuti aijambule motero, ndipo mu 2018 University of Johannesburg inawapatsa udokotala waulemu. Nditaona ntchito yawo ndinakumbuka khonde lanu mukamaliza kuzira, muja mumazungulizira katondo wofiira ndi phulusa m'munsi mwa chipupa, mizere yokhotakhota ngati msana wa mphiri. Ife timangoti Mayi akusewera ndi matope. Kani tinkagona m'nyumba ya dokotala osadziwa!

Ndiye simenti ndinalonjeza yopakira chipupa ija iyambe yadikira. Muuze mlongo wanga ajambule khonde lonse, dzuwa lisanakwere, anditumizire pa WhatsApp, bwana akufuna aone. Nkhuku yoyera ija musaphe, ndipo ngati mwapha kale, nthenga musataye.

Ya feteleza ndatumiza pa Mukuru, mukatenge kuboma Lachisanu. Moni kwa onse, kupatula alamu.

Ine mwana wanu,
wa ku Joni